Nambala Yaitana, Wayankha Ndi Wina

Moni inu a pa Namwera pano, inu a kumalire ku Chiponde, a ku Katuli, a ku Idrusi, ndi inu muli kumunsi kwa phiri ku Malindi ndi pa boma pa Mangochi. Amene mukusankha fodya m'chigafa, anyamata a kabaza amene mukudikira okwera, amayi amene muli pamoto, khalani nafe.

Lero tikamba za foni. Tilowa m'kati mwake mwenimweni, kumene maso safika. Nkhaniyi ndi ya akatswiri a makompyuta, koma musatseke wailesi. Ndiyamba ndi zimene zinachitika pakhomo pathu.

Mayi anga aang'ono anataya foni pamsika. Chaka chimenecho ndalama zinavuta, ndiye nambala ija sanakaibwezeretse. Miyezi inapita yambiri. Mwana wawo ali ku Joni, ndipo nthawi yonseyi amawapeza kudzera pa foni ya oyandikana nawo nyumba. Tsiku lina atalandira malipiro anaiwala. Anatsegula foni yake, n'kupeza dzina loti "Amayi", n'kuimba. Nambala inaitana. Anayankha ndi bambo wina wa mawu aakulu.

"Bambo, foni ya mayi anga mwaitenga kuti?"

"Achimwene, nambala iyi ndi yanga. Ndinagula ndekha, ndinalembetsa ndi chiphaso changa."

Ndikufunseni omvera: ananama ndani pamenepa? Palibe. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kuipereka kwa munthu wina. Mwini wake wakale anaisiya. Mwini watsopano anaipeza mwachilungamo. Chimene chinalakwika n'chimodzi: m'foni ya mnyamata uja munatsala dzina lakale loloza pamalo pamene pakhala munthu wina.

Gwirani mfundo imeneyi. Malo anabwezedwa, koma keyala inatsala m'thumba. Zimenezi zimachitikanso m'kati mwa foni ndi kompyuta, ndipo akatswiri amazitcha use-after-free. Tanthauzo lake, kugwiritsa ntchito chinthu chimene unachibweza kale.

Tsopano tiyeni tilowe m'foni muja.

Foni ya tachi ya Android, kaya ndi Tecno, kaya itel, kaya Samsung, ili ndi pulogalamu ina imene simuiona. Amaitcha kernel. Ya mu Android dzina lake ndi Linux, ndipo anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Inu a ku Namwera mumawadziwa kapitawo wa pa esiteti. Ndiye kernel ndi kapitawo wa foni. WhatsApp ikafuna kamera, imapempha kwa iye. Wailesi ya m'foni ikafuna sipika, imapempha kwa iye. Ndipo pulogalamu iliyonse ikafuna malo ogwirira ntchito, kapitawo ndiye amagawa.

Malo amenewa si memore khadi ya nyimbo ija ayi. Ndi malo ena, amene amisiri amati RAM. Ndi ochepa, ndiye amabwerekana. Pulogalamu imapempha kagawo, imapatsidwa keyala ya kagawoko, imagwira ntchito, ikamaliza imabweza. Kapitawo nthawi yomweyo amapereka kagawo komweko kwa wina. Izi zimachitika kambirimbiri musanaphethire n'komwe.

Nanga ikapezeka mbali ina ya kernel imene yasunga keyala yakale? Chimachitika n'chiyani?

Bwererani kwa mnyamata wa ku Joni uja. Mwina nambala sinaperekedwe kwa wina aliyense, ndiye imangokhala chete, palibe chopweteka. Cholakwika chotere chimatha kugona zaka osaoneka. Mwina ayankha munthu wachilendo, pakhala chisokonezo. M'foni, pamenepo ndi pamene imangouma osayankha, kapena kuzima n'kuyakanso yokha. Koma pali chachitatu, ndipo n'chimene chimasowetsa tulo akatswiri. Tiyerekeze kuti wakuba akudziwa kuti mnyamatayu amatumiza ndalama pa nambala imeneyi mwezi ndi mwezi. Wakubayo athamanga kukaitenga dala nambalayo, n'kukhala phee kudikira. M'kompyuta akuba amachita chimodzimodzi. Amadzaza zinthu zawo pamalo pamene pangobwezedwa kumene. Kernel ikabwera ndi keyala yakale, imawerenga zimene wakuba walemba, n'kuzimvera ngati zake. Kapitawo akamvera wakuba, esiteti yonse yapita: mauthenga, zithunzi, kamera, zonse.

Mukamatumiza ndalama, ejenti amakuwerengerani dzina musanatsimikize. Mukamva dzina lachilendo mumati, "Imani kaye achimwene." Linux inalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C, ndipo C sawerenga dzina. Ukamupatsa keyala, amangopita. N'chifukwa chake ndi wachangu, n'chifukwa chakenso ndi woopsa. A Google atawerengera zolakwika zikuluzikulu za pulogalamu yawo ya Chrome mu 2020, anapeza kuti pa 10 zilizonse, pafupifupi 7 zinali za kasamalidwe ka malo amenewa, ndipo theka la zimenezo zinali use-after-free. Ndiye si vuto la apo ndi apo.

Omvera, tafika pa gawo lachiwiri. Tikambe za mlembi wa pageti.

Foni ikamachedwa, kapena batire ikamatha msanga, opanga amadziwa bwanji chimene chikudya mphamvu? M'kati mwa kernel anaikamo mlembi. Ntchito yake ndi kulemba m'kaundula kuti nthawi yakuti kwalowa wakuti, watuluka nthawi yakuti, wachedwa chifukwa chakuti. Ntchito yolondola mapazi imeneyi amaitcha tracing. Chida chake chachikulu mu Linux ndi ftrace, chimene chinalowa mu 2008, ndipo amene wakhala akuchiyang'anira ndi Steven Rostedt wa ku America. M'foni ya Android muli m'manja mwanumo mlembi ameneyu alimo.

Ndiye taganizani. Mlembi anaikidwa kuti athandize kupeza zolakwika. Nanga iye mwini akalakwitsa? Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamenya mwamphamvu, uswa mkhate. Mlembiyu amaima pakhomo lililonse la kernel, ndiye pomukonza pamafunika dzanja lofatsa.

Ndikupatseni chitsanzo chenicheni. Mu ftrace, katswiri amatha kutsegula kaundula wake wapadera, wosiyana ndi wa anzake. Akamaliza amaufufuta. Tsono tiyerekeze anthu awiri. Woyamba watsegula tsamba la kaundulayo, chala chili pamzere, wacheuka pang'ono. Wachiwiri wabwera, waona ngati kaundula watha ntchito, wamutaya, ndipo malo ake aperekedwa kwa wina. Woyamba uja wabwezera maso pamene panali chala chake. Akuwerenga chiyani? Akuwerenga za eni. Foni ya masiku ano ili ndi timitu tingapo togwira ntchito nthawi imodzi, ndiye kuphonyana kotere n'kotheka. Koma mpata wake ndi wochepetsetsa. Ukhoza kuyesa kambirimbiri osaona kanthu, kenako tsiku limodzi kompyuta n'kugwa.

Zolakwika za mtundu umenewu zinapezeka ndithu mu ftrace mu 2023, ndipo zinakonzedwa. Anakonza bwanji? Apa mvetserani bwino, chifukwa nzeru zake ndi zapakhomo.

Choyamba n'chapafupi. Ukabweza malo, fufuta keyala. Mnyamata wa ku Joni uja atatsitsa foni tsiku limenelo, anafufuta nambala yakale ya mayi ake. Koma m'bale wawo wina ku Lilongwe anali nayobe. Mlamu wawo ku Mandimba anali nayobe. Kufufuta m'thumba limodzi sikukwanira pamene keyala inafalikira m'matumba ambiri.

Ndiye pali njira yachiwiri, kuwerenga amene agwirako. Ganizani za poto wamkulu wa m'mudzi, uja amabwerekedwa pa ukwati, pa maliro ndi pa sadaka. Mayi wosunga potoyo akhale ndi mbale ya timiyala. Aliyense amene akumugwiritsa ntchito aponye kamwala. Akamaliza achotse kamwala kake. Munthu akabwera kuti poto apite kumudzi wina, mayiyo amayang'ana m'mbale. Muli kamwala? Poto sachoka. Mu ftrace anachita zomwezo. Wotsegula tsamba amaonjezera chiwerengero, wotseka amachotsera. Wina akafuna kufufuta kaundula pamene chiwerengero chikusonyeza kuti pali wogwirako, kernel imakana, imati malowa ali ndi anthu. Mzere umene unasowa unali waung'ono, wongoti "ponya kamwala". Koma kuti munthu adziwe khomo limene anthu amalowera osaponya kamwala, pamafunika kuwerenga mofatsa masiku ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yachitatu ndi kudikira. Mumadziwa ulalo wamitengo ukayamba kuola nthawi ya dzinja. Anthu amamanga watsopano pambali, n'kutseka njira yolowera pa wakale. Kodi amaugwetsa nthawi yomweyo? Ayi. Pali gogo amene ali pakati ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Amadikira kuti aliyense amene anakwera kale atsike, kenako n'kugwetsa. Mu Linux njira imeneyi amaitcha RCU. Inalowa mu 2002, ndipo katswiri wake wodziwika ndi Paul McKenney. Mlembi wa pageti uja amaidalira kwambiri, chifukwa iye sangamaponye kamwala pakhomo lililonse. Foni ingachedwe. Ndiye wofufuta ndi amene amadikira.

Fufuta keyala, werenga ogwirako, dikira atsike. Funso lake ndi limodzi: kodi pali wina amene akadagwirabe?

Tipume pang'ono, kenako ndikuuzeni za mkangano umene unabuka pa nkhani yomweyi.

Kale, ftrace imakonzeratu masamba ake onse kompyuta ikangoyaka. Masambawo ndi zikwizikwi, ndipo ambiri palibe amene amawatsegula. Amangodya malo. Akatswiri anaganiza zoti tsamba lizipangidwa pokhapokha munthu akalifuna, akamaliza lizichotsedwa. Nzeru imeneyi anaitcha eventfs, ndipo inalowa mu Linux kumapeto kwa chaka cha 2023. Malo anapulumukadi. Koma walira mvula walira matope. Tsamba limene limakhala chikhalire silisowa. Tsamba limene limabadwa ndi kufa tsiku lonse limasiya makeyala m'matumba. Zolakwika zinayamba kutuluka chimodzi pambuyo pa chinzake.

Mu Januwale 2024, Linus Torvalds anamudzudzula Steven Rostedt poyera, ndi mawu olimba. Dandaulo lake linali loti anakopera njira ya mbali ina ya kernel osamvetsa chifukwa chimene inalembedwera chotero. Manyuzipepala a zamakompyuta anathamangira mawu aukaliwo. Ine chimene chinandigwira mtima n'chimene chinatsatira. Torvalds anakhala pansi n'kulemba yekha zokonza. Anachotsa makeyala amene amasungidwa popanda kuponya kamwala, n'kuika chiwerengero choyenera. Rostedt anaziyesa, anazilandira, n'kuonjezera zake. Mawu aukali aja sindiwayamikira, chifukwa amathamangitsa achinyamata amene akanathandiza. Koma ndimalemekeza anthu awiri amene akangana m'mawa, madzulo n'kugwira khasu limodzi. Ndipo zonsezi zinachitikira poyera. Mwana wa ku Namwera amene ali ndi intaneti akhoza kuwerenga mzere uliwonse umene unasinthidwa, popanda kulipira kapena kupempha chilolezo.

Mwina mukufunsa: ngati cholakwika chimabisala chonchi, amachigwira bwanji?

Agogo athu akamakayikira kuti pankhokwe pamabwera munthu usiku, amawaza phulusa pansi. M'mawa phazi limaoneka. Mu Linux muli chida chotchedwa KASAN, chimene chinalowa mu 2015. Malo akangobwezedwa, KASAN imawaza phulusa, ndipo imawasunga kaye osawapereka kwa wina. Aliyense amene aponda pamenepo, imakuwa. Imanena amene anabwereka malowo, amene anawabweza, ndi amene waponda. Chidachi chimalemetsa kompyuta, ndiye kawirikawiri sichiyatsidwa m'mafoni ogulitsa. Chimagwira ntchito m'makompyuta oyesera. Ndipo a Google ali ndi makina otchedwa syzbot, amene kuyambira 2017 amakhalira kugwedeza zitseko za kernel usana ndi usiku, kutsegula, kutseka, kufufuta mosalongosoka, kuti aone pamene phulusa lipondedwe. Likapondedwa, makinawo amalemba okha kalata kwa akatswiri.

Omvera, tafika pa gawo lomaliza, ndipo ndi limene likukhudza thumba lanu.

Ndinene zoona kaye. Foni yanu ikauma, musathamangire kunena kuti ndi use-after-free. Nthawi zambiri ndi batire yotopa, malo odzaza ndi mavidiyo, kapena madzi amene analowa. Komanso masamba a mlembi wa pageti uja, mapulogalamu wamba a m'foni saloledwa kuwagwira, ndiye wakuba safikako mophweka. Koma matenda omwewa amagwira mbali zina za kernel zimene pulogalamu iliyonse imafikako.

Mu Android muli njira imene mapulogalamu amalankhulirana, dzina lake Binder. Chakumapeto kwa 2017, syzbot inapeza use-after-free mu Binder. Akatswiri a Linux anakonza pasanapite nthawi. Nkhani inaoneka ngati yatha. Koma chokonzacho sichinafike m'mafoni ambiri amene anali kale m'manja mwa anthu. Mu Okutobala 2019, Maddie Stone wa gulu la Project Zero ku Google anaulula kuti bowo lija likadali lotsegula m'mafoni ngati Pixel 2, Huawei P20, ndi Samsung Galaxy S7, S8 ndi S9. A Google ananena kuti pali umboni woti anthu amalowera pa bowolo, ndipo zizindikiro zimaloza kampani ya NSO Group ya ku Israel, imene imagulitsa zida zozondera mafoni. Kampaniyo inakana. Mankhwala analipo pafupifupi zaka ziwiri, koma odwala sanawalandire.

Mwamva maina a mafoni amenewo? Si ngati omwe aja abale athu amabwera nawo kuchokera ku Joni pa Khirisimasi kapena pa Idi? Foni ndi yokongola, kamera ndi yabwino, koma wopanga anasiya kale kuitumizira zokonza. Paja akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Chokonza chimene chili ku America si chanu. Chanu ndi chimene chalowa m'foni mwanu.

Ulendo wake ndi wautali. Katswiri akonza mu Linux. A Google atenga n'kuika mu Android. Opanga tizipangizo ta m'kati atenga. Kampani yopanga foni itenga, ngati ifuna. Kenako foni yanu ilemba uthenga woti pali update. Ndipo pamenepo, tinene chilungamo, ambirife timakanikiza "Later". Bandulo ndi yodula, netiweki kumapiri kuno imabwera n'kumapita, ndipo magetsi otchajira ndi olipira. Sindikudzudzula munthu. Ine ndemwe ndimawerengera bandulo. Amene ndikuwadandaula ndi opanga mafoni otchipa amene amagulitsa foni lero, chaka chamawa n'kuiiwala. Kuno foni timasungiramo ndalama za feteleza ndi fizi ya ana. Munthu wosauka sayenera kupatsidwa chitseko chopanda loko chifukwa choti analipira zochepa.

Ndiye chitani ichi madzulo ano. Tsegulani Settings. Pitani pamene palembedwa About phone. Fufuzani mawu oti Android security update, kapena security patch level. Pali deti pamenepo. Detilo likukuuzani tsiku la mankhwala omaliza amene foni yanu inalandira. Ngati ndi la miyezi yapitayi, muli bwino. Ngati papita zaka, yesani Software update pamene mwapeza netiweki yabwino, foni ili yodzaza moto. Ikakana, ikati palibe chatsopano, ndiye samalani ndi zimene mukuikamo. Bowo ngati la Binder lija limafuna kuti wakuba ayambe walowa, ndipo kawirikawiri amalowa kudzera m'pulogalamu imene mwaika nokha. Pulogalamu yotumiziridwa pa WhatsApp ndi munthu wosamudziwa, yolonjeza bandulo yaulere kapena ngongole ya msangamsanga, musaiike.

Inu achimwene okonza mafoni pamsika wa Namwera, ndi inu ogulitsa pa Chiponde, ndikukupemphani. Kasitomala akabwera kudzasinthitsa sikirini, muonereniko deti limeneli, mumuuze. Gogo akabwera ndi foni imene mdzukulu watumiza, musangomuikira nyimbo. Ndipo inu ogula, musanapereke ndalama, funsani kuti, "Achimwene, foni iyi ikulandirabe update?" Wogulitsa akadabwa, muonetseni pamene pali deti.

Ndi inu ana asukulu amene mumakonda kufufuza za m'foni, amene makolo amati mukuononga batire. Amene amapeza zolakwika mu Linux si onse madokotala a zamakompyuta. Ena anayamba ndi kompyuta yakale n'kumawerenga makalata a syzbot mmodzimmodzi, mpaka tsiku lina anaona khomo limene munthu analowera osaponya kamwala. Mndandanda wa zolakwika zimene syzbot yapeza uli poyera pa intaneti, ndipo zambiri zikudikirabe wozikonza.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Mayi anga aang'ono ali ndi nambala yatsopano tsopano, ndipo ndikudziwa kuti akumvera. Mayi, Loweruka ndibwera, tidzaonere limodzi deti la m'foni yanu.